PHUNZIRO 17: KODI AMBIRI A IFE TAKOLOLA MATUMBA ANGATI?

Amayi ndi abambo, m'maphunziro apitawa taphunzira kuwonkhetsa, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa. Taphunziranso kulemba maina ndi manambala m'kaundula wa gulu. Lero tiphunzira kufunsa kaundulayo funso limodzi: kodi ndi nambala iti imene ikubwera kawirikawiri kuposa manambala ena onse? Poyamba tiyankha ndi manja athu, pogwiritsa ntchito njere za chimanga. Kenaka tiona momwe kompyuta ndi foni zimayankhira funso lomweli.

Funsoli likuoneka laling'ono. Koma gulu limene silidziwa kulifunsa likhoza kugulitsa chakudya cha ana ake, lili kuganiza kuti likugulitsa zotsala.

TIWERENGE

Tiyerekeze gulu la alimi la m'mudzi wina wa ku Angónia. M'gululi muli mabanja 15. Anthu atatha kukolola ndi kutonola chimanga, mlembi anayenda khomo ndi khomo kufunsa matumba amene banja lililonse lapeza. Analemba chonchi:

8, 6, 8, 10, 8, 5, 8, 40, 6, 8, 12, 7, 8, 6, 10

Tsiku la msonkhano, wapampando anati: "Kwabwera wogula wochokera ku Tete. Ali ndi galimoto ndipo akufuna chimanga. A mlembi, tatiuzani, banja lililonse lakolola matumba angati?"

Mlembi anawonkhetsa manambala onse, napeza matumba 150. Anagawa 150 kwa mabanja 15, napeza 10. Ndipo anati: "Banja lililonse lakolola matumba 10."

Wapampando anakondwa. Anati: "Paja tinagwirizana kuti banja lizisunga matumba 7 a chakudya. Ndiye kuti aliyense ali ndi matumba 3 otsala. Aliyense abweretse matumba 3, tigulitse pamodzi."

Anthu anangoti zii. Kenaka mayi wina wachikulire anakweza dzanja nati: "Pepani apampando. Matumba 10 mukunenawo ali kwa yani? Ine ndili ndi 8. Anzanga ndakhala nawo pamphasa panowa ali ndi 8. Ndikachotsapo 3, pofika Januwale ana anga azidzadya chiyani?"

Kodi mlembi analakwa masamu? Iyayi. Tikagawa 150 kwa anthu 15, yankho ndi 10 ndithu. Masamu amene anachitawo amatchedwa avareji, ndipo m'Chipwitikizi amati média. Avareji imatiuza chimene aliyense akanalandira tikanathira chimanga chonse m'nkhokwe imodzi ndi kugawana mofanana. Koma chimanga cha m'mudzi uja sichinathiridwe m'nkhokwe imodzi. Banja limodzi, lokhala ndi munda waukulu ndi ng'ombe zolimira, linakolola matumba 40. Nambala imodzi yaikuluyo ndiyo inakokera avareji m'mwamba. Tawerengani nokha: mabanja amene anafika pa matumba 10 kapena kupitirira apo ndi 4 okha. Mabanja 11 sanafikepo.

Mayi aja ankafunsa funso lina. Iwo sankafunsa za kugawana. Ankafunsa kuti: kodi ambiri a ife tili ndi matumba angati?

TICHITE NDI MANJA ATHU

Wophunzira aliyense atenge njere 15 za chimanga. Sesani pansi, ndipo lembani padothi ndi kamtengo manambala awa, motalikirana pang'ono:

5, 6, 7, 8, 10, 12, 40

Mnzathu mmodzi aziwerenga mokweza manambala a mlembi aja, imodziimodzi. Akatchula 8, ikani njere imodzi pansi pa 8. Akatchula 6, ikani njere pansi pa 6. Chitani choncho mpaka kumapeto. Njere ikatsala m'manja, ndiye kuti mwadumpha banja lina, yambiraninso.

Tsopano onani timilu tanu. Pansi pa 8 pali njere 6. Pansi pa 6 pali njere 3. Pansi pa 10 pali njere 2. Pansi pa 5, pa 7, pa 12 ndi pa 40 pali njere imodziimodzi. Kamulu kakakulu kali pa 8.

Apa tisamale, chifukwa ophunzira ambiri amapunthwa pomwepa. Yankho si 6. Nambala 6 ikutiuza chabe kukula kwa kamulu, kutanthauza mabanja amene anatchula nambalayo. Yankho ndi nambala imene yalembedwa pamwamba pa kamuluko: 8. Tinene pamodzi: nambala 8 yabwera ka 6.

Nambala yotere m'phunziro lino tiziitcha nambala yobwerabwera. M'mabuku a masamu a Chipwitikizi amaitcha moda. Liwu limeneli si lachilendo kwa ife. Chitenje chikatchuka, n'kumaoneka paliponse pamsika, kuchigayo ndi kuukwati, timati chili pa moda. Chitenje cha pa moda sindicho chodula kuposa zonse, ndiponso sindicho chachikulu. Ndicho chimene avala anthu ambiri. M'Chingerezi amati mode, ndipo amene anayamba kugwiritsa ntchito liwuli pa masamu ndi Karl Pearson wa ku England, mu 1895.

Tibwerere ku msonkhano uja. Banja la matumba 8 likasunga 7, limatsala ndi thumba limodzi lokha. Silitsala ndi 3. Gulu likanatsata avareji, mabanja 6 akanatsala ndi matumba 5 okha m'nyumba, ndipo akanayamba kugula ufa nthawi imene chimanga chimakhala chitakwera mtengo.

NJERE ZIKACHULUKA

Mabanja 15 tikhoza kuwawerenga ndi njere. Nanga akakhala mabanja 300, a midzi isanu? Njere zidzasakanikirana, mwana adzapondapo, ndipo nkhuku zidzatola kaundula wathu tisanamalize. Apa m'pamene makina amathandiza.

Pamene dziko lathu linalandira ufulu pa 25 Juni 1975, anthu oposa 9 mwa anthu 10 aliwonse sankadziwa kuwerenga ndi kulemba. Mu 1978 inayamba kampeni yoyamba ya dziko lonse yophunzitsa anthu akuluakulu. Chaka chotsatira, mu 1979, anthu awiri a ku America, Dan Bricklin ndi Bob Frankston, anatulutsa pulogalamu ya kompyuta yotchedwa VisiCalc. Inali pepala la timabokosi lotha kuchita masamu lokha. Mu 1985 kampani ya Microsoft inatulutsa ina yotchedwa Excel. Lero palinso Google Sheets, imene imagwira ntchito ngakhale pafoni, ndi LibreOffice Calc, imene salipiritsa. Makolo athu amene anayamba kugwira choko mu 1978 sanalione pepala limeneli. Ife tikhoza kulipeza m'foni ya mwana wathu, ya mlangizi wa zaulimi kapena ya mphunzitsi.

Wina angati: "Ine foni yotere ndilibe, ndiphunzirirenji?" Yankho lake ndi ili. Manambala a mudzi wathu amalembedwa kale m'makina amenewa ndi anthu ena. Amene akudziwa chimene makinawo akuchita akhoza kuima pambali pa mlembi n'kufunsa kuti, "Mwawerenga chiyani pamenepo?" Amene sadziwa amangovomera.

PEPALA LA TIMABOKOSI

M'Chingerezi pepalali amalitcha spreadsheet, m'Chipwitikizi folha de cálculo. Likufanana ndi munda wolimidwa bwino. Lili ndi mizere yotsika, ndipo mzere wotsika uliwonse uli ndi chilembo pamwamba pake: A, B, C, D. Lilinso ndi mizere yopingasa, ndipo uliwonse uli ndi nambala kumanzere kwake: 1, 2, 3, 4. Pamene mzere wotsika wakumana ndi wopingasa pali kabokosi, monga phando m'munda. Kabokosi kalikonse kali ndi dzina lake. Kamene kali mu mzere B, pa nambala 2, dzina lake ndi B2.

Musanagwire foni, jambulani pepalali m'kope mwanu ndi pensulo. Mu A1 lembani liwu lakuti Banja. Mu B1 lembani liwu lakuti Matumba. Kuyambira A2 kutsika pansi lembani maina a mabanja. Kuyambira B2 lembani matumba awo: 8 mu B2, 6 mu B3, 8 mu B4, mpaka 10 womaliza. Kodi nambala yomaliza yagwera m'kabokosi kati? Yagwera mu B16, osati B15, chifukwa mzere woyamba tinauika mitu.

Tsopano tilamula makina. Lamulo limene timalembera makina limatchedwa fomula. Sankhani kabokosi kopanda kanthu, monga D2, ndipo lembanimo izi:

=MODE(B2:B16)

Tiliwerenge pang'onopang'ono, monga tinkachitira ndi mawu atsopano. Timizere tiwiri togona tili koyambako tikuuza makina kuti, "Ili ndi lamulo, uchite masamu." Mukatiiwala, makina adzangolemba mawuwo osachita kanthu. MODE ndilo dzina la ntchito: funa nambala yobwerabwera. Zimene zili pakati pa chizindikiro chotsegulira ndi chotsekera zikunena malo ofunamo. Timadontho tiwiri tikutanthauza "mpaka". Choncho lamulo lonse likuti: funa nambala yobwerabwera kuyambira B2 mpaka B16.

Dinani Enter. Mu D2 mutuluka 8. Makina aunjika timilu tomwe tija tinaunjika padothi, koma mofulumira ngati kuphethira kwa diso.

Makompyuta ambiri a m'dziko lathu anaikidwa m'Chipwitikizi. Pa Excel ya Chipwitikizi cha ku Portugal dzina la ntchitoyi ndi MODA, ndipo mulemba =MODA(B2:B16). Pa ya Chipwitikizi cha ku Brazil ndi MODO. Makina akakana dzina limodzi, yesani linalo. Ntchito yake ndi imodzimodzi.

Kuti tidziwe kukula kwa kamulu, pali lamulo lina. Mu D3 lembani:

=COUNTIF(B2:B16,8)

Lamuloli likuti: werenga timabokosi timene muli 8. Yankho lituluka 6. M'Chipwitikizi cha ku Portugal lamuloli limalembedwa =CONTAR.SE(B2:B16;8), ndipo cha ku Brazil dzina lake ndi CONT.SE. Taonani kuti pa makina a Chipwitikizi, pamalo pa koma timaika kadontho kokhala ndi koma pansi pake.

Masamu a mlembi aja nawo ali ndi lamulo lake: =AVERAGE(B2:B16), kapena =MÉDIA(B2:B16). Lilembeni mu D4, ndipo mutuluka 10.

Tsopano chitani ichi, pakuti n'chimene chimatsegula maso. Pitani pa B9, pamene pali 40, mufufute ndi kulembapo 100. Onani D4: avareji yalumpha kufika pa 14. Onani D2: pakadali 8. Munthu mmodzi akalemera, avareji ya mudzi wonse imakwera, ngakhale m'nkhokwe za ena simunalowe njere ina iliyonse. Nambala yobwerabwera siisuntha, chifukwa iyo imawerenga anthu, munthu aliyense kamodzi.

JOMBO ZOSAKWANA ALIYENSE

Gulu lomwelo limalimanso kachewere kudimba. Linasonkha ndalama kuti ligule jombo za mphira za anthu 12 othirira ndi opopera mankhwala. Mlembi anafunsa nambala ya nsapato ya aliyense, nalemba:

38, 42, 38, 42, 39, 42, 38, 41, 38, 42, 37, 43

Tikawonkhetsa tipeza 480. Tikagawa kwa anthu 12 tipeza 40. Kodi gulu litume munthu ku Ulónguè kukagula jombo 12 za nambala 40? Yang'anani mndandandawo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene amavala 40. Kwa ena zidzakhala zokhwepa, kwa ena zothina, ndipo ndalama ya gulu idzakhala itapita.

Unjikani njere. Mupeza timilu tiwiri tofanana: 38 yabwera ka 4, ndipo 42 yabweranso ka 4. Zotere zimachitika, makamaka pamene m'gulu muli anthu a mitundu iwiri, monga amayi ndi abambo, kapena alimi a kumtunda ndi a kudambo. Manambala obwerabwera akhoza kukhala awiri, ngakhale atatu.

Apa lamulo la MODE lili ndi chilema. Mukalemba =MODE(B2:B13) likupatsani 38 yokha, ndipo za 42 silinena kanthu. Silinama, koma labisa theka la nkhani. Chifukwa cha ichi, kuyambira mu Excel ya 2010 muli lamulo lina:

=MODE.MULT(B2:B13)

Limeneli limatulutsa manambala onse obwerabwera, motsika: 38 pamwamba, 42 pansi pake. Siyani timabokosi tapansi topanda kanthu kuti mayankho apeze pokhala. Pa Google Sheets ndi pa Excel yatsopano mayankho amatsika okha. Pa Excel yakale, sankhani timabokosi tiwiri kapena titatu motsika, lembani lamulolo, ndipo dinani Ctrl, Shift ndi Enter nthawi imodzi.

Ife tikulangiza kuti mlembi wa gulu asamakhulupirire MODE payokha. Ikakupatsani yankho, tengani COUNTIF muwerenge yankholo, muwerengenso nambala ina imene mukuiona kawirikawiri. Timilu tikafanana kapena tikayandikana kwambiri, uzani msonkhano zonse ziwiri.

Ndipo pa nkhani ya jomboyi tinene zoona: pamene anthu ali 12 okha ndipo maina awo tikuwadziwa, chanzeru ndi kugulira aliyense nambala yake. Nambala yobwerabwera imathandiza kwambiri munthu wa kantini kapena sitolo ya gulu, amene amapikula katundu asanadziwe wodzagula. Iyeyo apikule 38 ndi 42 zambiri, zinazo pang'ono.

NANGA AKAKHALA MAWU?

Si mafunso onse amene amayankhidwa ndi nambala. Gulu linafunsa anthu 20 kuti: "Chaka chino tigule mbewu yanji ndi ndalama ya gulu?" Ena anati nyemba, ena kachewere, ena soya, ena mtedza. Mawu alibe avareji. Sitingawonkhetse nyemba ndi soya n'kugawa pawiri. Koma liwu lobwerabwera lilipo, ndipo tonse timalidziwa, pakuti ndi mmene timawerengera manja pa chisankho.

Lamulo la MODE limaona manambala okha. Mukalipatsa mawu, limatulutsa chizindikiro ichi: #N/A, kapena #N/D pa makina a Chipwitikizi. Musachite mantha, simunawononge foni ya eni. Makina akungonena kuti sanapeze yankho.

Pa mawu timagwiritsa ntchito COUNTIF. Mayankho akhale mu B2 mpaka B21. Lembani:

=COUNTIF(B2:B21,"nyemba")

Liwu limene tikufuna timalitsekera ndi timakoma tam'mwamba uku ndi uku. M'kabokosi kapansi pake lembani lamulo lomwelo, koma ndi liwu lakuti kachewere. Chitaninso chimodzimodzi ndi soya ndi mtedza. Tinene kuti anthu 8 anafuna nyemba, 6 kachewere, 4 soya, ndipo 2 mtedza. Mbewu yobwerabwera ndi nyemba.

Tsono tamvani chimene chikhoza kuchitika. Mlembi wathu anaphunzira sukulu m'Chipwitikizi. Polemba mofulumira, pa anthu 5 analemba nyemba, koma pa anthu 3 dzanja linalemba feijão. Kwa ife ndi mbewu imodzi. Kwa makina ndi zinthu ziwiri zosiyana. Makina adzati nyemba 5, kachewere 6. Gulu lidzagula kachewere, pamene anthu ambiri anafuna nyemba. Palibe amene waba, palibe amene wanama, koma zofuna za anthu zapotozedwa.

Tingazigwire bwanji zoterezi? Monga tinachitira ndi njere: tione ngati yatsala m'manja. Wonkhetsani mayankho: 5, 6, 4 ndi 2 akupanga 17. Tinafunsa anthu 20. Anthu 3 apita kuti? Bwererani ku mndandanda mukawafune. Chimodzimodzinso mukalemba nyeba m'malo mwa nyemba, kapena mukasiya kampata kumapeto kwa liwu: makina sadzaliwerenga. Tsopano mukuona chifukwa chake aphunzitsi amalimbikira kuti tisadumphe chilembo.

Pali njira ina yopewera vutoli. Gwirizanani kuti mbewu iliyonse ikhale ndi nambala yake: nyemba 1, kachewere 2, soya 3, mtedza 4. Lembani chimenechi pamwamba pa pepala kuti aliyense aone. Mlembi azilemba nambala m'malo mwa liwu. Mukatero MODE igwira ntchito, ndipo ikatulutsa 1 mudziwa kuti ndi nyemba. Koma musayese kupeza avareji ya manambala amenewa. Iwo ndi maina chabe, monga nambala ya pa malaya a wosewera mpira.

KABOKOSI KOPANDA KANTHU SI ZIRO

Cholakwa ichi ndi chachikulu kuposa zonse, ndipo tikhalapo pang'ono.

M'mudzi munadutsa chitopa. Mlangizi wa ziweto anapempha gulu kuti lilembe nkhuku zimene zatsala pa makomo 10. Zinali chonchi:

0, 7, 3, 0, 7, 12, 0, 3, 7, 0

Nambala yobwerabwera ndi 0. Yabwera ka 4. Uthenga wake ndi wowawa koma ndi woona: makomo ambiri atsala opanda nkhuku.

Koma tinene kuti mlembi, pofika pakhomo pamene nkhuku zonse zafa, anaganiza kuti, "Apa palibe cholemba," nasiya kabokosi kopanda kanthu. Makina sawerenga kabokosi kopanda kanthu. Amakadumpha ngati kuti khomolo kulibe. Adzaona 7, 3, 7, 12, 3, 7, ndipo adzayankha 7. Mlangizi adzalandira lipoti lakuti makomo ambiri ali ndi nkhuku 7, ndipo katemera ndi chithandizo zikhoza kupita ku mudzi wina. Anthu amene anavutika kwambiri ndi amene afufutidwa m'kaundula.

Choncho tigwirizane. Ngati tafunsa ndipo yankho ndi lakuti palibe, tilembe 0. Ziro ndi nambala, ndipo ali ndi mawu ake. Kabokosi tikasiye kopanda kanthu pokhapokha ngati eni khomo sitinawapeze, ndipo mawa tibwerereko.

Zolakwa zina ndi zing'onozing'ono. M'kabokosi ka nambala musalembemo mawu: mukalemba "matumba 8", makina adzaona ngati liwu ndipo MODE idzalidumpha. Lembani 8 yekha, liwu lakuti Matumba likhale pamwamba. Mukawonjezera mabanja atsopano pansi pa mndandanda, onani ngati lamulo lafika kwa iwo. Ngati mndandanda wafika pa B20 koma lamulo likuti B16, mabanja 4 atsala kunja. Ndipo ngati palibe nambala imene yabwera kawiri, makina adzatulutsa #N/A uja, chifukwa kamulu kakakulu palibe. Izi zimachitika kawirikawiri ndi manambala a pasikelo, pamene thumba lina lalemera makilogalamu 49 ndi theka, lina 50 ndi pang'ono. Pamenepo yambani mwafikitsa kulemera kulikonse pa kilogalamu yathunthu yoyandikira, kenaka funani yobwerabwera.

ZIMENE NAMBALA YOBWERABWERA SINENA

Tibwererenso kwa mabanja 15 aja. Tapeza kuti nambala yobwerabwera ndi 8. Kodi tinganene kuti aliyense abweretse thumba limodzi? Onaninso timilu. Banja limodzi lili ndi matumba 5. Mabanja 3 ali ndi matumba 6. Mabanja 4 amenewa sanafike n'komwe pa matumba 7 a chakudya. Banja la matumba 7 lilibe chotsala. Avareji inawabisa anthu amenewa, koma nayo nambala yobwerabwera sinawatchule.

Taonaninso kuti mabanja a matumba 8 ndi 6 mwa 15. Ndiwo kamulu kakakulu, koma sakufika theka la gulu. N'chifukwa chake mlembi wabwino sabwera ku msonkhano ndi nambala imodzi. Amaima n'kunena kuti: "Chimanga chonse ndi matumba 150. Avareji ndi 10. Nambala yobwerabwera ndi 8, ndipo ili pa mabanja 6. Wotsika kwambiri ali ndi 5, wokwera kwambiri ali ndi 40." Akatero, amakhala pansi. Kugamula ndi kwa msonkhano.

TIKAMBIRANE

Kodi munamvapo munthu akunena kuti "anthu a kuno amakolola mwakuti" kapena "amapeza ndalama mwakuti", inu n'kudabwa kuti akunena za yani? Fotokozerani anzanu. Mukuganiza kuti anagwiritsa ntchito masamu ati?

Mukanakhala inu pa msonkhano uja, mukanagamula bwanji za wogula wa ku Tete? Nanga za mabanja 4 amene chakudya chawo n'chosakwana?

NTCHITO

1. Mabanja 10 ali ndi ana motere: 5, 3, 5, 6, 4, 5, 2, 6, 5, 4. Pezani nambala yobwerabwera ndi njere. Yabwera kangati? Pezaninso avareji. Kodi pali banja limene lingakhale ndi ana ochuluka ngati avarejiyo?

2. Jambulani pepala la timabokosi m'kope mwanu. Lembani manambala a funso loyamba kuyambira B2. Kodi yomaliza yagwera m'kabokosi kati? Lembani lamulo lofunira nambala yobwerabwera, ndi lamulo lowerengera kuti yabwera kangati.

3. Mlembi wina analemba chonchi: MODE(B2:B11). Makina sanachite masamu. Waiwala chiyani?

4. Pa manambala awa: 2, 9, 4, 2, 9, 6, lamulo la MODE latulutsa 2. Kodi labisa chiyani? Ndi lamulo liti limene lingaulule?

5. Sabata ino funsani makomo 10 oyandikana nanu kuti ali ndi mbuzi zingati. Pamene palibe mbuzi, lembani 0. Bweretsani kope lanu pa phunziro lotsatira. Amene angathe kubwereka foni yokhala ndi pepala la timabokosi abwere nayo, kuti tidzayerekeze yankho la makina ndi yankho la njere.